Mphindi Imodzi ya Sekanawo

Ntchito yanga ndi yoyeza zosagwirika.
Amayi anga ku Mchesi akafunsidwa amangoti,
"Ali kumaofesi, amawerenga ana,"
ndipo anthu amayesa ndine wa kalembera.
Sindiwatsutsa. Ndingayambire pati?

Lachiwiri m'mawa galimoto ya bungwe
inatitula ku Chinsapo, fumbi lili m'mano.
Sitandade 2 B: ana zana limodzi ndi makumi atatu,
mphunzitsi mmodzi, Mayi Nankhoma,
choko chatsala ngati chikhadabo,
mawu asasa kale sabata isanafike pakati.
Ndinasankha ana khumi mwamaere, monga mwa lamulo,
kuopa kuti mtima ungasankhe oyera malaya.

Wachisanu ndi chiwiri anali Sekanawo.
Iye panjerwa, ine pampando wobwereka,
wotchi m'dzanja, pepala pakati pathu.
"Werenga, mwanawe, usaope. Si mayeso ayi."
Bodza langa loyamba tsiku limenelo.

Chala chake chinaima pa liwu loyamba
ngati munthu wofuna kuwoloka msewu wa ku Mchinji
magalimoto osadukiza.
"Ga..."
Masekondi makumi awiri anapita.
Panja wina ankamenya chitsulo cha gudumu la lole.
"Lu."
Zii.
Kenaka mutu dzutsu, maso mbee:
"Galu! Anti, ndi galutu uyu!
Kwathu aliko, dzina lake Adzatopa,
anadya nsapato ya ababa..."
Wotchi inalira.
Ndinalemba: liwu limodzi pa mphindi.

Kuofesi Sekanawo anasanduka 0417.
Adzatopa anatsala panja,
fomu yathu ilibe khola la agalu.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala pasukulu
kuphunzira kufunsa funso losanyengerera yankho,
kusiyanitsa dzanja la wothirira ndi chifundo cha mvula.
Mwana akayamba kuwerenga, wamutsegula ndani?
Mabuku atsopano? Phala la m'mawa?
Kapena Mayi Nankhoma, amene sanajombepo
ngakhale tsiku lomwe mlatho unamira?

Bwana Chadzunda anaima kumbuyo kwanga,
tiyi m'manja, akuyang'ana kompyuta.
"Othandiza aja akubwera Lachisanu.
Mzerewu sungakwereko pang'ono, chemwali?"
Ndinati, bwana, mzerewu si wanga,
ndangoubwereka kwa ana.
Anaseka, koma sanandifunsenso za mafuta a ulendo wina.

Lachisanu kuhotela kunali samusa
ndi madzi a m'mabotolo, lililonse ndi kapu yake.
Ndinanena zomwe ndinaona:
mabuku anafikadi, onse zikwi zitatu,
ali m'kabati ya ahedi, akadali m'pulasitiki,
kuopa kuti ana angawang'ambe.
Anthu anagwedeza mitu.
Wina anafunsa ngati alawansi asainiratu.
Mayi mmodzi yekha wa kuunduna, wa magalasi osweka mwendo,
analemba kanthu kumbuyo kwa dzanja lake.
Ndimakhalira ameneyo.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chitatha ndinabwerera, wotchi yomweyo.
Kabati inali yotsegula, mabuku akuda ndi zala,
ena opanda zikuto. Ndinasangalala ngati ndalandira mwezi wachiwiri.
Ndinaitana 0417.
Mayi Nankhoma anati, "Anasamuka amenewo, lendi inakwera.
Kaya ku Mtandire, kaya kwa Kauma."
Pafomu pali kabokosi kake: sanapezeke.
Ndinachonga. Kamatenga sekondi imodzi.

Lipoti linati zinthu zasintha ndi mawu anayi pa mphindi,
ndipo n'zoona, ndinawerengetsa katatu.
Koma madzulo ndikamadikira minibasi kudepoti
ndikaona kamtsikana kogwira chitenje cha amake
kakuyang'ana chikwangwani cha sitolo,
milomo ikugwedera yokha,
chala changa chimafunafuna batani m'thumba.
Kondakitala akukuwa kuti malo atsala amodzi,
ine ndili chiimire,
kudikira kuti kamalize liwulo.